Mwana wanga akufuna kuyeza zitsulo ndi ultrasound, ayambire pati?

Mayi ena afunsa kuti mwana wawo wamaliza kosi yowotcherera ku technical college ndiye wakakamira zokaphunzira ultrasound ya zitsulo, iwo akudabwa kuti kodi zimenezi si zakuchipatala?

Mayi, makinawo ndi apachibale ndi sikani ya amayi oyembekezera ija, kungoti apa akupimidwa ndi paipi. Amapaka kajelo kapena oyilo pachitsulopo nkugunditsapo kachipangizo kotchedwa probe, iko kamatumiza mawu oti khutu silingamve, ife timalekezera pa 20 kHz pomwe iwo kawirikawiri amagwiritsa ntchito 2 mpaka 5 MHz, kutanthauza 2,000 mpaka 5,000 kHz. Mu steel mawuwo amathamanga pafupifupi mamita 5,900 pa sekondi, ndiye akagunda mng'alu kapena kamphako kotsala mkati mwa weld, pomwe anawotcherera paja, amabwerera msanga, pa sikirini pamatumphuka kamzere, woyezayo nkuwerengetsa kuti vutolo labisala mamilimita angati. Osadula, osaswa chilichonse. Ntchitoyi amaitcha NDT (Non-Destructive Testing), kutanthauza kuyeza kosawononga chinthu.

Imafunika paliponse pomwe chitsulo chikathyoka anthu angafe, njanji, ndege, ma boiler ngati a m'mafakitale a shuga, migodi ya ku Copperbelt ku Zambia, mapaipi a gasi.

Mwana wanuyo wayamba bwino, munthu woti anagwirapo ndodo yowotcherera amadziwa kale pomwe weld imakonda kunyenga. Koma chonde musathamangire kugulitsa mbuzi chifukwa cha kakosi ka pa intaneti ka masiku atatu, ndimamva chisoni ndi makolo otaya ndalama mwanjira imeneyi. Mabwana amafunsa satifiketi ya ISO 9712 kapena PCN ya ku Britain, ndipo ili ndi Level 1, 2 ndi 3. Wa Level 1 amayeza motsatira malangizo olembedwa, wa Level 2 ndi amene amagamula kuti weld iyi yadutsa kapena ibwerezedwe nkusainira lipoti. Kukhoza mayeso pakokha sikukwanira, amafunanso umboni woti wagwira ntchitoyo miyezi ingapo pansi pa munthu wa satifiketi, nchifukwa chake ine ndimati ayambe wasaka kampani yomutenga ngati wothandizira olo malipiro akhale ochepa, azilemba maola ake m'buku bwana nkumasainira. Sukulu yodziwika kuno kummwera kwa Africa ndi SAIW (Southern African Institute of Welding) ku Johannesburg, alembereni mufunse fizi musanakonze za ulendo.

Masamu asawathawe, makamaka trigonometry, poti ma weld amayezedwa mopendeketsa pa madigiri 45, 60 kapena 70. Komanso akapimitse maso kaye, amayesa ngati amaona bwino zapafupi ndi kusiyanitsa mitundu asanamupatse satifiketiyo.