Chimbale sachiika kunsi kwa basi

Achemwali, mwafunsa ngati mungawonjezere zimbale za galamafoni pa geni yanu ya zitenje, popeza munamva kuti chimodzi chimagulitsidwa mtengo wa zitenje mulu. N'zoona, koma musakapikule n'kudzayala pamsika wa Kapata. Mudzabwerera nazo kunyumba.

Ine ndimayendera oda. Ogula anga ndi ochepa, ena kuno ku Chipata, ambiri ku Lilongwe, anthu a makutu osankha amene ali ndi galamafoni yodula kuposa njinga yamoto. Wina akafuna, tinene, chimbale choyamba cha Nina Simone, woimba wa ku America, cha 1959, chija amaimba akudziimbira yekha piyano, safuna chilichonse cholembedwa dzina lakelo. Amafuna chodindidwanso mwatsopano ndi a kampani ya Analogue Productions a ku Kansas, ku America, amene amatenga mawu ku matepi akale enieni. Amakufunsa kulemera kwake, ngati ndi magalamu 180 kapena 200, komanso ngati chimazungulira ka 33 kapena ka 45 pa mphindi imodzi. Za 45 zimabwera mbale ziwiri chifukwa mbali imodzi imalowa nyimbo zochepa, ndiye mtengo ndi katundu zimakwera. Lembani zonsezi, alipiriretu theka, kenako muziitanitsa kudzera ku Johannesburg.

Ntchito yeniyeni ili panjira. Chimbale chikatenthedwa chimapindika, ndipo chikapindika singano imadumpha, basi ndalama zalowa m'madzi. Kuchokera ku Lusaka kufika kuno ku Chipata ndi makilomita oposa 550, ndipo pa Luangwa Bridge mu Okutobala mumadziwa mmene pamaotchera. Ine ndinaphunzirira pomwepo: kondakitala wina anandiumiriza kuika katoni kunsi, pafupi ndi injini, matumba a anyezi pamwamba. Ziwiri zinafika ngati zipande. Tsopano ndimaziimika chilili, makatoni olimba uku ndi uku, pamiyendo panga, kutali ndi windo. Pulasitiki yakunja musang'ambe, ngakhale mtima ukufuna kuona chithunzi chamkati. Chotsegula amachitenga ngati kaunjika.

Pa boda ya Mwami, polowa ku Malawi, musadalire fomu ya STR ya bungwe la zamalonda la COMESA, ija amalonda ang'onoang'ono amadutsira ndi nyemba. Ija ndi ya katundu wochokera m'maiko athu omwe ano, wolembedwa pamndandanda, wosapitirira madola 2,000. Chimbale chodindidwa ku America chimalipira msonkho, kwathu kuno ku Zambia VAT yokha ndi 16 peresenti, ndipo a MRA, otolera msonkho ku Malawi, nawo amadikira mbali inayo. Onetsani lisiti lenileni. Mukabisa, ofisala amadziikira mtengo wake.

Za malipiro, gwirizanani kuti kwacha yake ndi iti. Ya ku Malawi ingathe kugwa katundu akadali m'njira, ndiye ine mtengo ndimautchula m'madola, tsiku lolipira n'kuwerengera.

Ngati mukufunabe, mubwere Loweruka. Ndili ndi oda ya zitatu yopita ku Lilongwe, mudzanyamule katoniyo ndinu mpaka pa Mchinji.