Chifukwa chake njovu amazisamutsa banja lonse

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera imelo kufunsa kuti: "Posamutsa njovu kupita kumalo ena osungirako nyama, bwanji sangotenga ana okhaokha, poti ndi osavuta kunyamula?"

Funso lanuli n'lomveka, ndipo njira imeneyi inayesedwapo. Ku South Africa m'zaka za m'ma 1980, ana a njovu amene makolo awo anaphedwa pochepetsa chiwerengero kumalo osungirako nyama a Kruger ankatumizidwa kumalo ena otere a Pilanesberg popanda wamkulu aliyense. Atasinkhuka, amphongo anayamba msanga nyengo yolusa ija, pamene njovu imachucha madzi pakati pa diso ndi khutu, ndipo anapha zipembere zoposa 40. Mu 1998 kunabwera njovu zamphongo zikuluzikulu 6 zochokera ku Kruger, kuphako n'kutha. Njovu imaphunzira khalidwe kwa akulu ake. Kumene kuli madzi m'chilimwe, amene amakudziwa ndi mayi wamkulu wotsogolera gulu, ndipo mwana amayamwa zaka ziwiri kapena kuposa. Lero palibe katswiri wanzeru amene angagawe banja.

Ntchitoyo amaigwira m'nyengo yozizira, m'mamawa. Helikopita imakusira banjalo pamalo a see, kutali ndi madzi ndi mitengo, pomwe magalimoto angafike. Dokotala wa zinyama ali m'mwambamo amazilasa ndi jakisoni wa mankhwala ogonetsa otchedwa etorphine, ndipo kawirikawiri amayamba ndi mayi wamkulu uja kuti zinazo zisabalalike. Mankhwalawa ndi amphamvu zedi moti kadontho kokha kangaphe munthu, n'chifukwa chake mankhwala othetsa mphamvu yake sachoka pafupi. Pakapita mphindi zochepa njovu zimayamba kudzandira n'kugwa.

Apa ndi pamene pamafera nyama ogwira ntchitoyo akachedwa. Njovu ikagwa chafufumimba, kulemera kwa mimba kumapanikiza mapapo ndipo imabanika, choncho amaigubuduza msangamsanga ndi chingwe kuti igone cham'mbali. Popeza imapumira kwambiri m'chitamba, amachiwongola ndi kuika kamtengo kakang'ono kunsonga kuti chisatsekeke, ndipo amayang'ana ngati china sichinatsamiridwe ndi njovu inzake. Khutu amalipindira padiso kuti dzuwa ndi fumbi zisaliwononge. Nyama yogona sikupiza makutu, ndiye thupi limatentha, motero amaithira madzi kumakutuko uku munthu wina akuwerenga mpweya wake mphindi iliyonse.

Kenako amaimanga miyendo ndi malamba, makina n'kuinyamula chadodolido kuiika pagalimoto. Zimaoneka zomvetsa chisoni, koma kwa kanthawi kochepa sizimaivulaza. Amaidzutsira m'chibokosi chachitsulo ndi jakisoni wachiwiri, n'kuipatsa mankhwala oifatsitsa paulendo, mwana ali pambali pa mayi ake. Njovu zina amaziveka kolala yotumiza uthenga wa komwe zili.

Ndi mmene njovu pafupifupi 500 zinachokera ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, pansi pa bungwe la African Parks ndi boma la Malawi. Chimene ife timachiona chovuta kuposa kunyamula ndi mpanda wa kumene zikupitako. Njovu zina, makamaka zamphongo, zimayesa kubwerera kwawo, ndipo mpanda wamagetsi ukakhala wosamaliza zimakathera m'minda ya anthu. Mpandawo uyenera kutha, alonda n'kukhala okonzeka, galimoto yoyamba isananyamuke.