Safunsa Anadya Phula: Za Kalendala ndi Mafoni a Otsatsa Malonda

Makalata a mwezi uno akhala ngati munachita kupangana. Ambiri achokera kwa oyang'anira magulu otsatsa malonda muno mu Harare, ndipo dandaulo ndi lofanana: nthawi yokumana ndi makasitomala ikusokonekera, mafoni akuimbidwa koma malonda osayenda. Tasankhapo asanu. Mayina tabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ndimayang'anira anyamata ndi atsikana asanu otsatsa zipangizo za sola. Ofesi yathu ili ku Graniteside. Sabata yathayi awiri anakapezana pakhomo pa kasitomala mmodzi ku Borrowdale, pomwe wina ku Chitungwiza anadikira tsiku lonse osaona munthu. Zonse timapanganirana pa gulu la WhatsApp. Ndiyambire pati? Bambo wa ku Mufakose

YANKHO: Bambo, gulu la WhatsApp ndi bwalo la macheza, si kaundula. Uthenga wa m'mawa pofika masana umakhala utakwiririka ndi zithunzi ndi moni, ndipo palibe angakuuzeni kuti mawa 10 koloko ndani adzakhala kuti. Musanalipire pulogalamu iliyonse, yambani mwakonza kalendala.

Aliyense mwa asanuwo akhale ndi akaunti yake ya imelo ya kampani, kaya ya Google kaya ya Microsoft, bola onse akhale mbali imodzi. Akaunti imodzi yobwerekana pasiwedi ayi, chifukwa pakalakwika simudziwa wasintha ndani. Kenako aliyense atsegulire inu ndi anzake kalendala yake. Lamulo likhale ili: chimene sichinalembedwe mu kalendala, kulibe. Wina akapita kumaliro kapena kusikelo ndi mwana, alembemo kuti palibe.

Pamwamba pa kalendalayo m'pamene mumaika tsamba losungitsira nthawi. Alipo angapo: Calendly, Zoho Bookings, Microsoft Bookings, HubSpot Meetings, ndipo Google Calendar nayo ili nalo lake. Onsewa ntchito ndi imodzi. Kasitomala amalandira linki, amaona maola amene muli ndi mpata, n'kusankha yekha. Calendly yaulere imangolola mtundu umodzi wa msonkhano, pomwe inu mukufunika iwiri: kucheza pa foni mphindi 15, ndi ulendo wokaona denga ndi mawaya a pakhomo, wa ola limodzi. Musaziphatikize. Munthu wongofunsa mtengo wa batire asakudyereni mafuta.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa mpata wa pakati pa misonkhano, umene mu pulogalamu umalembedwa kuti buffer. Pulogalamu sidziwa kuti Seke Road imathina bwanji 4 koloko madzulo. Mukapanda kuiuza, idzaika munthu wanu ku Borrowdale 10 koloko ndi ku Chitungwiza 11 koloko, yokha n'kumaona ngati yagwira ntchito. Pa maulendo ikani mphindi 45 kutsogolo ndi 45 kumbuyo, ndipo ngati mnyamatayo amayenda pa kombi, likhale ola. Ikaninso kuti ulendo usungitsidwe kudakali maola 24, foni maola awiri, ndipo munthu mmodzi asapitirire maulendo atatu pa tsiku. Chinanso chopulumutsa mafuta ndi kugawa masiku: Lolemba ndi Lachitatu kumpoto, monga Borrowdale, Mount Pleasant ndi Marlborough, Lachiwiri ndi Lachinayi kum'mwera, Hatfield, Waterfalls mpaka Chitungwiza. Dera lililonse likhale ndi linki yake.

Pa fomu musachulutse mafunso. Dzina, nambala ya foni, adiresi pamodzi ndi chizindikiro chapafupi (tchalitchi, sukulu, golosale), komanso zimene akufuna kuti solayo iziyatsa. Zinayi zakwana.

Pali msampha wina wosaoneka. Mu Google Calendar, chinthu cholembedwa kuti n'cha tsiku lonse chimayamba chili pa Free, ndipo tsamba losungitsira nthawi limangolemekeza zimene zili pa Busy. Ndiye munthu amalemba tchuthi cha sabata yonse, koma makasitomala n'kumasungitsabe nthawi. Sinthani pamanja. Masiku a tchuthi cha boma nawo muwatseke nokha chaka chikamayamba: 18 Epulo, 25 Meyi, Heroes' Day Lolemba lachiwiri la Ogasiti ndi Defence Forces Day tsiku lotsatira, 22 Disembala, ndi ena onse.

Tsono za awiri opezana pakhomo limodzi zija, kalendala payokha sithetsa. Kasitomala aliyense ayenera kukhala ndi mwini wake, dzina lolembedwa pamalo amodzi pomwe onse amaona. Zoho CRM, pulogalamu yosungira mbiri ya makasitomala, ndi yaulere kwa anthu osapitirira atatu, HubSpot nayo ili ndi gawo laulere, koma ngakhale tsamba limodzi la Google Sheets lingagwire ntchito poyamba. Kugawa makasitomala atsopano mosinthanasinthana, kumene amati round robin, mu Calendly n'kolipira. Kwa anthu asanu, inu nomwe mukhoza kumagawa m'mawa uliwonse.

Chomaliza, musamangoponyera linki aliyense. Kwa munthu wamkulu zimaoneka ngati mwano, ndipo ambiri imelo satsegula n'komwe. Muli pa foni pomwepo mufunseni kuti, "Tibwere Lachiwiri 10 koloko kapena Lachinayi 2 koloko?", mumulembere nokha, kenako mumukumbutse pa WhatsApp madzulo a tsiku loti mawa lake mukumana.

FUNSO: Ndimagulitsa zipangizo zomangira kwa abale athu okhala kunja amene akumanga nyumba kuno. Chiyambireni Novembala, a ku London ndikawaimbira 7 koloko madzulo monga tinkachitira, akumati adakali kuntchito. Chasintha n'chiyani? Mayi wa ku Mabvuku

YANKHO: Mayi, wotchi yanu ili bwinobwino, yasuntha ndi yawo. Ku Britain amapititsa wotchi kutsogolo ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi, n'kuibweza Lamlungu lomaliza la Okutobala. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala London imatsalira ola limodzi kumbuyo kwa Harare. Miyezi inayo imatsalira maola awiri. Pa miyezi imeneyo 7 koloko yanu ndi 5 koloko kwawo. Imbani 8 koloko. Lilongwe, Lusaka ndi Johannesburg tili nawo nthawi imodzi chaka chonse, Nairobi ili patsogolo ola limodzi, Dubai maola awiri.

Linki yosungitsira nthawi imawerengera yokha zimenezi, bola kompyuta yanu ikhale pa nthawi yoyenera. Mu Windows sankhani pomwe palembedwa "(UTC+02:00) Harare, Pretoria". Koma ngati msonkhano ndi wa pamaso, monga wachibale wawo kudzaona njerwa kuno, khomani nthawiyo pa ya Harare kuti wosungitsa ali kunja asaone ola lina.

FUNSO: Mtsikana wathu wina anasiya ntchito n'kupita ndi SIM khadi yake, makasitomala onse n'kumutsatira. Ndiye tinagula mafoni a pa intaneti kuti nambala ikhale ya kampani. Koma mawu akumaduka, nthawi zina ife tikumva iwo osatimva, ndipo mafoni ena akumangoduka pakangotha theka la mphindi. Tibwerere ku ma SIM? Tilipo asanu ndi mmodzi. Bambo wa ku Highfield, ofesi ku Msasa

YANKHO: Musabwerere, bambo. Maganizo anu anali olondola: nambala imene makasitomala aizolowera ndi katundu wa kampani ngati galimoto. Mwatchula matenda atatu osiyana, ndipo alionse ali ndi mankhwala ake.

Tiyambe ndi kuduka kwa mawu. Anthu amathamangira kugula intaneti yothamanga kwambiri, koma foni sidya zambiri. Foni imodzi pa G.711, njira yonyamulira mawu imene ambiri amagwiritsa ntchito, imafuna pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse, ndiye kuti pafupifupi 1.3 MB pa mphindi tikaphatikiza mbali zonse ziwiri. Nonse asanu ndi mmodzi mukamalankhula nthawi imodzi mwangodutsa pang'ono theka la 1 Mbps. Chimene foni imadana nacho ndi kusakhazikika. Mawu asachedwe kupitirira 150 ms popita (1000 ms ndi sekondi imodzi), kusinthasintha kwa kachedwedweko kumene amati jitter kusadutse 30 ms, ndipo tizidutswa ta mawu totayika m'njira tisafike 1 pa 100 tilitonse. Ndiye chotsani makompyuta oimbira pa Wi-Fi, muwalumikize ndi chingwe. Mu rauta yatsani QoS kuti mawu azidutsa patsogolo pa china chilichonse. Apo ayi mnyamata wa ku akaunti akangoyamba kutumiza mafayilo akuluakulu, kasitomala wanu ayamba kukumvani ngati muli pansi pa madzi. Mahedifoni akhale a USB okhala ndi maikolofoni yoletsa phokoso. Maikolofoni ya laputopu imatola zonse, mpaka jenereta ya oyandikana nawo.

Kumvana mbali imodzi pafupifupi nthawi zonse gwero lake ndi rauta. Lowani m'kati mwake, mupeze pomwe palembedwa SIP ALG, muzimitse, n'kuyatsanso rauta. Kanthu kameneka kanapangidwa kuti kazithandiza, koma m'marauta ambiri kamasokoneza maadiresi ndipo mawu a mbali imodzi amasochera. Onaninso ngati muli ndi marauta awiri otsatizana, ina ya kampani ya intaneti ina yanu. Zikatero ikani imodzi pa bridge mode, kuti izingodutsitsa intaneti n'kusiyira inzake ntchito ya rauta. Ngati PBX, makina ogawa mafoni aja, ili mu ofesi momwemo, madoko (ma port) a mawu ayenera kutsegulidwa mu rauta: pa Asterisk ndi FreePBX amayambira 10000 mpaka 20000, pa 3CX 9000 mpaka 10999.

Kuduka pa masekondi 30 kapena 32 n'chizindikiro chodziwika bwino. Foni ikayankhidwa, mbali yoimba imayenera kutumiza kauthenga kotsimikiza. Kakasochera m'njira, mbali inayo imadikira masekondi 32 n'kudula. Gwero ndi lomwe lija, SIP ALG kapena PBX yosadziwa adiresi yake yakunja ya IP. Uzani amene anakuikirani kuti aone zimenezo, ndipo muwauze masekondi enieni. Katswiri akangomva 32 adziwa poyambira.

Funsaninso amene anakugulitsani laini kuti muli ndi ma channel angati. Channel imodzi ndi foni imodzi pa nthawi. Anthu asanu ndi mmodzi pa ma channel anayi ndiye kuti awiri azingomva kuti laini yatanganidwa. Tengani 8, kuti awiri atsalire oimba kuchokera kunja. Laini ikhale ya kampani yokhala ndi chilolezo cha POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, nambala ya konkuno, kaya ya Harare yoyamba ndi 0242 kaya ya pa intaneti yoyamba ndi 086. Nambala yachilendo yakunja anthu amangoiyang'ana mpaka isiye kulira. Mitengo muifunse padera pa Econet, NetOne ndi Telecel, komanso ngati amawerengera pa sekondi kapena pa mphindi, chifukwa mafoni a malonda ambiri ndi aafupi.

Magetsi akathima foni ya pa intaneti imafa nthawi yomweyo, ngakhale malaputopu ali ndi moto. Rauta ndi kabokosi ka faiba zimadya magetsi ochepa, kabatire ka 12V kamene amagulitsa ngati mini UPS kamazisunga maola angapo. Yesani nokha: zimitsani magetsi pa switchi masana, muone ngati foni ikupitirira.

Ndipo tsekani khomo. Akuba amasakasaka ma PBX otseguka pa doko 5060, n'kumaimbira kunja usiku wonse pa bilu yanu. Pasiwedi ya foni iliyonse ikhale yaitali, osati 1234 kapena nambala ya foniyo. Kuimba kunja kwa dziko kutsekedwe kwa onse, mutsegule mayiko okhawo amene mumachita nawo malonda, monga +265 ndi +27.

FUNSO: Ndinasunga manambala 900 mu Excel. Nditawalowetsa mu pulogalamu yoimbira, ena ziro woyamba wasowa, ena asanduka 2.63772E+11. Ndatani? Mlongo wanu wa ku Dzivaresekwa

YANKHO: Achemwali, Excel imaona nambala ya foni ngati nambala yowerengera. Ziro wakutsogolo imataya, chizindikiro cha + imachotsa, ndipo nambala ikafika manambala 12, monga 263 kuphatikiza 9 a foni ya m'manja, imaifupikitsa motero. Mukasunga fayilo ngati CSV (mtundu wa fayilo wosunga zolemba zokhazokha) ili choncho, manambala akumapeto apita osabweranso. Bwererani ku fayilo yoyamba. Musanalembe kapena kumata kanthu, sankhani mzere wonse wa manambala muuike pa Text. Onse alembedwe mofanana: +263, kenako nambala yopanda ziro woyamba, popanda mipata kapena timizere. Mukatero chotsani obwerezedwa ndi Remove Duplicates. CSV musamaitsegule pongoidina kawiri. Ilowetseni kudzera pa Data, n'kuuza Excel kuti mzerewo ndi Text. Yesani kaye manambala 10 musanalowetse onse 900.

FUNSO: Wina akufuna kundigulitsa mndandanda wa manambala 20,000 pamodzi ndi makina oimba okha. Akuti anthu anga anayi aziimba kuwirikiza katatu. Nditenge? Bambo wa ku Epworth

YANKHO: Ayi, bambo, zonse ziwiri zisiyeni. Makina amenewo, predictive dialer, amaimba manambala ambiri kuposa anthu amene muli nawo poyerekeza kuti ena sayankha. Zimayenda pamalo pomwe pali oimba makumimakumi. Pa anthu anayi kuyerekezako kumaphonya, kasitomala amayankha n'kupeza zii, kenako amatseka nambala yanu. Inu mukufunika kuimba kodina, click to call: dzina la munthu ndi zimene munakambirana zikuoneka, wotsatsa awerenge, adine, foni ilire.

Mndandandawo ndiye woopsa kuposa makinawo. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limateteza dzina ndi nambala ya munthu, ndipo POTRAZ ndiyo imaliyang'anira. Malamulo otsatira a 2024 amafunanso kuti makampani osunga zinthu za anthu ambiri atenge chilolezo. Wogulitsayo mufunseni kuti eni manambalawo anavomera liti, ndipo umboni uli kuti. Mudzaona akusintha nkhani. Manambala abwino ndi a anthu amene anakufunsani mtengo, anadzaza fomu yanu, kapena anagulako kale. Ngati mumajambula mawu, muuzeni munthu foni ikangoyamba. Wonena kuti musamuimbirenso alembedwe tsiku lomwelo pamndandanda woletsa umene onse anayi amauona.

Foni iliyonse ikatha, wotsatsa asankhe chimodzi mwa zisanu: sanayankhe, nambala yolakwika, imbaninso, wakana, tapangana tsiku. Wosayankha mumuyese katatu, masiku osiyana ndi maola osiyana, kenako uthenga umodzi waulemu wonena kuti ndinu ndani, basi. Lachisanu lililonse muwerenge zisanuzo. Manambala olakwika akachuluka, konzani mndandanda. Okana akachuluka, khalani pansi ndi anyamata anu mumvetsere zimene akunena m'masekondi 20 oyambirira.