Utomoni wa hops wa mu sirinji: malo ake ndi mu poto, osati m'ndowa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zomwe ndimalemba. Dzina sinditchula, koma nkhani yawo ndi iyi. Amafulula kunyumba mowa wa IPA, mtundu wa mowa wothira hops wambiri, malita 20 ulendo uliwonse, ndipo dzanja lawo ndi lolemera pa hops, maluwa a chomera china amene amawawitsa ndi kununkhiritsa mowa, amathira magalamu oposa 300. Likafika tsiku lothira m'mabotolo amapeza malita 16 okha, enawo atatsalira m'matope a pansi pa poto ndi pansi pa ndowa. Mowawonso akuti umamveka kaudzu kukhosi. Ndiye anagula hop extract, utomoni wochotsedwa mu hops, wa m'masirinji, ndipo akufunsa kuti: "Kodi ndingasiyiretu ma pellet n'kumangogwiritsa ntchito zamadzizi? Nanga ndikafinyira m'ndowa yisiti itamaliza ntchito, m'malo mwa dry hop, fungo lituluka?" Ma pellet ndi hops wopera woumbidwa timibulu, ndipo dry hop ndi kuthira hops mu mowa wozizira uli m'ndowa kuti ununkhire.

Achimwene, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene lingakuonongereni mowa. Ngati muli ndi chinthu chomwe ndikuchiganizira, chokhuthala ngati uchi wogona pozizira, chamtundu wa golide, musayerekeze kuchifinyira mu mowa wozizira. Ine ndinayesapo, ndipo palibe amene anandituma. M'mawa mwake nditavundukula ndowa ndinapeza timibulu tachikasu titamatirira m'mbali, tina tikuyandama pamwamba ngati mafuta a pa msuzi. Mowawo sunasinthe, kaya kuwawa kaya fungo. Chomwe ndinapindula ndi ntchito yokwecha ndowa madzulo onse.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka chinthucho. Mukang'amba duwa la hops mumaona ufa wachikasu womata m'kati, umene amautcha lupulin. Mu ufa umenewo ndi momwe muli ma alpha acid, omwe amabweretsa kuwawa, komanso mafuta onunkhira monga myrcene, humulene, linalool ndi geraniol. Masamba ena onsewo ndi chonyamulira chabe. Opanga extract amapanikiza mpweya wa carbon dioxide mpaka ukhale ngati madzi. Ukapitirira madigiri 31 ndi mphamvu ya ma bar 74, mpweyawu umalowerera paliponse ngati mpweya koma umasungunula zinthu ngati madzi. Amaudutsitsa mu hops wopera, umakokolola utomoni ndi mafuta, kenako akatsitsa mphamvu ija mpweya umauluka n'kusiya utomoni wokhawokha. Umenewo ndi umene uli mu sirinji yanu. Mulibe masamba, ndiponso mulibe mankhwala otsalira.

Koma ma alpha acid a mu utomoniwo akadali aawisi. Paokha sawawa kwenikweni ndipo sasungunuka bwino m'madzi ozizira. Amafunika awire mu wort, madzi otsekemera a chimera aja, kuti asanduke ma iso-alpha acid. Amenewa ndi omwe amasungunuka n'kuwawa pa lilime. Ndiye utomoni wa CO2 umafuna moto, chimodzimodzi ma pellet amene mumathira koyambirira kwa kuwiritsa. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo imeneyo amaigwira bwino kuposa ma pellet.

Musaganize kuti ndi chinyengo cha makampani opanga mowa wotchipa. Vinnie Cilurzo wa ku Russian River ku California wakhala akugwiritsa ntchito extract pobweretsa kuwawa mu Pliny the Elder, mowa umene anthu okonda hops amaulemekeza kwambiri, ndipo sanabise. Chomwe amafuna ndi chomwe inunso mukufuna: kuwawa koyera kopanda kukoma kwa masamba ophika. Carbon dioxide satenga ma polyphenol ambiri, zinthu zija zimene zimauma m'kamwa ngati wamwa tiyi wogonera, ndiye kuwawa kwa extract kumabwera kosalala.

Tsopano muyezo. Kuwawa kwa mowa amakuyeza ndi ma IBU, ndipo IBU imodzi ndi pafupifupi miligalamu imodzi ya iso-alpha acid pa lita imodzi ya mowa. Mukafuna ma IBU 50 pa malita 20, ndiye kuti mukufuna galamu imodzi yathunthu ifike m'botolo. Koma si alpha acid yense amene amafika. Mukawiritsa mphindi 60, amene amasanduka n'kutsalira mu mowa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, wina amathera m'thovu, m'matope ndi pa yisiti. Choncho muyenera kuthira magalamu atatu ndi pang'ono a alpha acid. Ngati pepala la pa sirinji lanena kuti alpha ndi 60 peresenti, ndiye kuti ndi magalamu 5 kapena 6 a utomoni. N'chifukwa chake ogulitsa ambiri amangoti mililita imodzi imapereka ma IBU 10 pa malita 19 a wort wokhuthala pa muyezo wa 1.050 wowira mphindi 60. Wort akakhala wokhuthala kuposa apo, monga wa double IPA, mililita yomweyo imapereka zocheperapo, ndiye muonjezereko. Werengani pepala lanu, chifukwa alpha amasiyana malinga ndi mtundu wa hops ndi chaka.

Kathiridwe kake kali ndi tinsinsi tating'ono timene munthu amaphunzira atadetsa malaya. Musanatsegule sirinji, imizeni mu kapu ya madzi otentha kwa mphindi zingapo. Utomoni wozizira ndi wamakani, mumakankha osatuluka, mukakankha mwamphamvu umatuluka wonse kamodzi, theka pa chitofu. Ukafunda umayenda bwinobwino. Dikirani wort ayambe kubwadamuka, finyirani pakati penipeni pamene pakuwira kwambiri, ndipo takasani. Mudzaona madontho a mafuta akuvina pamwamba kwa kanthawi, musade nkhawa. Chomwe simungachipewe ndi mzere wachikasu womata umene umatsala m'mbali mwa poto. Madzi ozizira ndi sopo wamba amangouparaza. Tsukani poto akadali wotentha ndi mankhwala otsukira ziwiya zofululira, kapena pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti. Ine ndimathirabe kadzanja ka ma pellet pamodzi ndi utomoniwo, magalamu 5 kapena 10, chifukwa ndaona kuti umapeza pogwira ndipo poto sadetsedwa kwambiri. Zala nazo zisamaleni. Mukanyambita chala mwangozi, mudzakhala mukulavula mpaka madzulo.

Sirinji yotsala itsekeni bwino n'kuiika mu fuliji. Apa ndiye extract amapambana kutali: utomoni wosakhudzana ndi mpweya umakhala zaka uli bwinobwino, pamene paketi ya ma pellet yotsegula imayamba kutha mphamvu ndi kununkha ngati tchizi wakale.

Koma pali chinthu chimene simungakonde kumva, ndipo ndi bwino ndikuuzeni ine musanakhumudwe nokha. Malita anu anayi aja sakuthera pa hops wa kuwawa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ma pellet amamwa mowa pafupifupi mamililita 10 pa galamu iliyonse. Ma IBU 50 aja, mukanagwiritsa ntchito hops wa alpha 12 peresenti, akanafuna magalamu osapitirira 30. Ndiye kuti sirinji yakupulumutsirani mamililita ngati 300, botolo limodzi laling'ono. Magalamu 270 otsalawo, amene mumathira moto utazima ndi a dry hop, ndi omwe akumwa mowa wanu. Kaudzu kamene mukukamva kukhosi nakonso kambiri kakuchokera kumeneko.

Apa ndi pamene mitundu ina ya extract imalowera, ndipo anthu amasokonezeka chifukwa yonse imatchedwa dzina limodzi. Pali ina imene inapangidwira whirlpool, nthawi ija mwazimitsa moto ndipo wort akuzungulira ali pa madigiri 75 mpaka 85. Incognito wa kampani ya John I. Haas ndi wotere, amathirika osafuna kufunditsa ndipo amapangidwa kuchokera ku mtundu umodzi wa hops monga Citra kapena Mosaic. Hopsteiner ali ndi Salvo, amene anamuchotsa ma alpha acid kuti abweretse fungo popanda kuwawa. Ndipo pali Spectrum wa BarthHaas, amene anapangidwira mbali yozizira, m'malo mwa gawo la dry hop. Amenewa galamu imodzi imalowa m'malo mwa magalamu angapo a ma pellet, ndipo wopanga aliyense amalemba muyezo wake. Dziwaninso kuti amene ali ndi alpha, monga Incognito, amawawitsabe mowa mu whirlpool yotentha, choncho muchepetseko utomoni wa koyambirira uja.

Maganizo anga pa amenewa ndi akuti ndi othandiza, koma sayenda okha. Ndinafululapo mowa wa extract yekhayekha, wopanda ngakhale tsamba limodzi, kungofuna kuona. Unatuluka wambiri, wowala, fungo la zipatso lilipo ndithu. Koma m'kamwa unali wopyapyala, ndipo fungolo linali ngati la switi, lomveka pamwamba pokha. Ma polyphenol omwe timawadandaula aja akachuluka ndi omwenso amapatsa IPA thupi akakhala pa muyezo, ndipo mu mowa wa hazy amagwirana ndi mapuloteni a chimera kupanga chifunga chija. Kuwachotseratu ndi kuchotsa china chake chimene lilime linazolowera. Ine ndimati sinthani theka la hops wa whirlpool, kapena kucheperapo, ndipo dry hop muisiye ndi ma pellet mpaka mutaudziwa bwino mowa wanu.

Ubwino umodzi wa kuchepetsa ma pellet mu dry hop ndi nkhani ya hop creep. Masamba a hops ali ndi ma enzyme amene amaphwanya shuga wamkulu yemwe yisiti inamulephera. Yisiti ikapeza shuga watsopanoyo imadzukanso, ndipo ngati mwathira kale m'mabotolo, mpweya umachuluka, mowa umathovoka potsegula, nthawi zina n'kumveka fungo la batala la diacetyl. Extract alibe ma enzyme amenewo. Ngati munaonapo botolo likusefukira mutalisunga mwezi, mwina wolakwa anali ameneyu, osati uve.

Mtundu wina woti muudziwe ndi iso extract, amene anamuwiritsa kale kufakitale. Nthawi zambiri amakhala wa 30 peresenti, ndi wamadzimadzi, ndipo uyu ndi amene amatha kuwawitsa mowa wozizira. Ndi mankhwala a tsiku limene mwalawa IPA yanu n'kupeza yatsekemera mopitirira. Zimachitika ndithu, makamaka pambuyo pa dry hop yaikulu, chifukwa masamba amakoka ena mwa ma iso-alpha acid n'kumira nawo. Kukweza malita 20 ndi ma IBU 10 kumafuna mamiligalamu 200 a iso-alpha, komwe ndi kosakwana mililita imodzi ya extract. Musathire mwachindunji. Sungunulani kaye m'madzi oyera owiritsa n'kuzizira, kenako thirani pang'onopang'ono mukutakasa mofatsa kuti musalowetse mpweya. Ali ndi m'bale wake wotchedwa tetra, amene makampani amagwiritsa ntchito pa mowa wa m'mabotolo oonekera chifukwa kuwala sikumusandutsa fungo la kanyimbi. Amalimbitsanso thovu, koma akachuluka thovulo limauma ngati la sopo ndipo kuwawa kwake kumakakamira. Kunyumba simukumufuna.

Timabotolo ta mafuta a hops okhaokha, aja a madontho, ndi pomwe anthu ambiri amapsa. Mafutawo ndi amphamvu koopsa. Musayesere pa ndowa yonse. Tungani makapu anayi ofanana, mamililita 100 iliyonse. Sungunulani dontho limodzi la mafuta mu vodka yoyezedwa, ngati wopanga sanasungunule kale, kenako kapu yoyamba muisiye, yachiwiri dontho limodzi la zosungunulazo, yachitatu awiri, yachinayi anayi. Nunkhizani, lawani, pitani kunja mukapume, bwererani mudzalawenso. Mukapeza kapu imene yakusangalatsani, chulukitsani muyezowo ka 200 pa malita 20, ndipo muthire wocheperako pang'ono, poti kuonjezera n'kotheka koma kuchotsa ayi. Ine ulendo woyamba ndinadalira diso, ndipo mowa wonse unanunkhira ngati mafuta odzola.

Ndikanakhala inu, ulendo wotsatira ndikanachita chonchi. Mamililita 4 kapena 5 a utomoni wanuwo pa mphindi 60, ma pellet a pakati pa kuwiritsa onse ndichotse. Mu whirlpool ndisiye momwe zilili kwa ulendo uno, kuti ndidziwe chimene sirinji yasintha. Pa dry hop ndi pomwe ndingalimbane ndi kaudzu kaja: masiku awiri kapena atatu akwana, osati sabata yonse, ndipo theka la ma pellet ndilowetse m'malo ndi ma pellet a lupulin wochuluka monga Cryo Hops a Yakima Chief, omwe amathiridwa pafupifupi theka la kulemera kwa ma pellet wamba. Pomaliza ndiziziritse ndowa mpaka madigiri 2 kapena 3 kwa masiku awiri kuti matope akhazikike n'kugwirana, poti matope ogwirana amamwa mowa wochepa kusiyana ndi oyandama. Ndi zimenezi lita imodzi kapena kupitirirapo ibwerera. Otsalawo, kunena zoona, ndi msonkho wa IPA, ndipo njira yake ndi kuyamba ndi malita 23 mu poto.

Mukafulula mundilemberenso, ndipo munene zimene zalembedwa pa sirinjiyo, makamaka peresenti ya alpha ndi mtundu wa hops. Ngati palembedwa mawu oti "isomerized", ndiye kuti mwina zimene ndanena za poto zija sizikukhudzani, onaninso ndime ya iso extract.