Obama anali senata kawiri, ndipo dera lake loyamba linajambulidwanso ali pampando

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti ena amalemba kuti Obama anakhala senata mu 1997 pomwe ena amati 2005, komanso kuti dera lomwe ankaimira linali liti. Onsewo akunena zoona, kungoti ndi mipando iwiri yosiyana. Wa 2005 ndi wa ku Washington, komwe chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za America chimatumiza masenata awiri. Wa 1997 ndi wa ku Springfield, likulu la chigawo cha Illinois, komwe kuli nyumba ya malamulo ya chigawocho pachokha. Kumeneko ankaimira dera nambala 13, lomwe lili mumzinda wa Chicago. Ife zimatisokoneza chifukwa seneti yathu inangolembedwa m'malamulo a 1994, sinakhalepo ndi tsiku limodzi lomwe, mpaka aphungu anaifufuta mu 2001.

Seneti ya Illinois ili ndi madera 59, ndipo lililonse amaligawa pawiri kuti apeze aphungu 118 a nyumba yaying'ono. Mu dera 13 muli madera 25 ndi 26 a nyumbayo. Pa kalembera wa 2020 anthu a Illinois anali pafupifupi 12.8 miliyoni, kutanthauza kuti senata mmodzi amaimira anthu pafupifupi 217,000. Kuchokera mu 1964, pomwe khothi lalikulu la America linagamula mlandu wa Reynolds v. Sims, madera amayenera kukhala ndi anthu ofanana kuchuluka kwake, ndiye kalembera akangotha zaka khumi zilizonse malire amawajambulanso. Nambala imakhala yomweyo koma malo ake amasuntha. Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Mtima wa derali ndi Hyde Park ndi Kenwood, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan kummwera kwa Chicago, komwe kuli University of Chicago. Mukatsikabe kummwera mufika ku South Shore, kenako South Chicago komwe kunali fakitale yayikulu ya zitsulo ya U.S. Steel, yomwe inatsekedwa mu 1992 n'kusiya anthu ambiri pa ulova. Anthu akuda anayamba kudzaza mbali imeneyi cha m'ma 1916, pothawa tsankho ku Mississippi, Alabama ndi zigawo zina zakummwera. Poyamba anawapanikiza ku Bronzeville, chifukwa eni nyumba achizungu ankasainirana mapangano oti asagulitse kapena kuchititsa lendi nyumba kwa munthu wakuda. Khothi litanena mu 1948 kuti mapangano otere sangatetezedwe ndi lamulo, anthu anafalikira ku Woodlawn ndi South Shore, azungu n'kumasamuka. Hyde Park yokha inakhalabe ya mitundu yosakanikirana, ndipo anthu ake, ophunzira kwambiri komanso okonda mtsutso, sankafuna kuuzidwa zochita ndi meya Richard J. Daley ndi gulu lake. Richard Newhouse, yemwe anakhala senata wa kumeneko kuyambira 1967 mpaka 1991, anali munthu wa mtima womwewo, moti mu 1975 anapikisana ndi Daley yemweyo pa chisankho cha chipulula cha umeya.

Newhouse atapuma analowa Alice Palmer. Mu 1995 mayiwa anaganiza zokapikisana pa mpando wa phungu wa nyumba yaying'ono ya ku Washington womwe Mel Reynolds anatula pansi, ndipo anadalitsa Obama kuti awalowe m'malo. Koma anagonja kwa Jesse Jackson Jr., n'kubwerera kuti atengenso mpando wawo. Obama anakana kuwapatsa mpata. Ku Illinois munthu amalowa pa pepala lovotera akasonkhanitsa masiginecha a ovota a m'deralo, ndipo nthawi imeneyo pankafunika 757. Anthu a Obama anapita ku ofesi ya zisankho n'kumaunika mayinawo limodzilimodzi: uyu sanalembetse, uyu amakhala kunja kwa dera, apa dzina analemba m'malo mosaina. Palmer anasonkhanitsa ake mothamanga, ndipo abwino anaperewera. Enanso omwe ankafuna mpandowo anagwa chimodzimodzi, Obama n'kutsala yekha pa chipulula cha Democratic mu 1996. Zinali zololedwa ndi lamulo, koma ena kummwera kwa Chicago sanamukhululukire kwa zaka zambiri.

Dera lomwe anapambanalo linkachoka kunyanja n'kulowera kumadzulo kudutsa ku Englewood, komwe ndi kwa anthu osauka kwambiri. Mu 2000 Obama anayesa kulanda mpando wa Bobby Rush, phungu wa nyumba yaying'ono ya ku Washington, ndipo anagonja moipa, Rush anapeza mavoti owirikiza kawiri. Ovota akuda a m'madera osauka ankamuona ngati mphunzitsi wa kuyunivesite wochokera kwina, pomwe Rush, yemwe anali mmodzi mwa atsogoleri a gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda la Black Panther ku Illinois, anali mwana wa pakhomo.

Tsopano mvetserani momwe mwayi unamugwera. Malamulo a Illinois a 1970 amati aphungu akalephera kugwirizana za mapu pofika pa 30 June, ntchitoyo imapita kwa komiti ya anthu asanu ndi atatu, anayi mbali iyi anayi mbali inayo. Nawonso akakanika, khothi lalikulu la chigawo limapereka mayina awiri, limodzi la chipani chilichonse, ndipo amachita maere kuti apeze munthu wachisanu ndi chinayi. Olemba lamulolo ankaganiza kuti zipani zidzaopa maere n'kumvana. Sizinatero ayi, zipanizo zinasankha juga mu 1981, 1991 ndi 2001. Mu 1991 maere anakomera a Republican, n'chifukwa chake Obama zaka zake zoyamba zonse anali kumbali yochepa, pansi pa James "Pate" Philip wa Republican, yemwe anali mtsogoleri wa seneti. Mu 2001 Jesse White, mlembi wamkulu wa chigawo, anapisa dzanja m'chipewa chachitali chopangidwa mofanana ndi cha Abraham Lincoln n'kutulutsa dzina la Michael Bilandic wa Democratic.

Cholembera chinagwera m'manja mwa chipani chake. Chaka chomwecho Obama anakhala pa kompyuta ndi katswiri wa mapu wa chipanicho, John Corrigan, n'kukonza dera lake latsopano. Anasunga Hyde Park, anataya mbali yakumadzulo ija, n'kulikoka kumpoto motsatira nyanja kudutsa pakati pa mzinda mpaka ku Gold Coast, komwe kumakhala ena mwa anthu olemera kwambiri mu Chicago. Linatuluka lalitali ndi loonda ngati nzimbe. Anthu akuda anakhalabe ochuluka, koma tsopano munalowa maloya, eni makampani ndi anthu omwe amathandiza andale ndi ndalama za kampeni. Kwa ine, mapu amenewa anamuthandiza kuposa zolankhula zake zonse za nthawi imeneyo. Sindikunena kuti analibe luso, koma luso lomwelo anali nalo mu 2000 pomwe Rush ankamugwetsa.

Mapu omwewo anapatsa a Democratic mipando yambiri pa chisankho cha 2002, Emil Jones n'kukhala mtsogoleri wa seneti. Jones anamupatsa Obama mabilu ooneka, monga lamulo la 2003 lokakamiza apolisi kujambula pa vidiyo akamafunsa munthu woganiziridwa mlandu wakupha. Chaka chotsatira Obama anapambana mpando wa usenata wa ku Washington, womwe anakakhalapo mu 2005.

Atachoka mu November 2004, akuluakulu a chipani m'deralo anasankha Kwame Raoul, mwana wa makolo ochokera ku Haiti, yemwe anakhala mpaka January 2019 pomwe anakhala loya wamkulu wa boma la Illinois. Pamalo pake anaikapo Robert Peters. Onse awiri analowa koyamba popanda chisankho chachibwereza, chifukwa kumeneko mpando ukatsala wopanda munthu chipani chake ndicho chimasankha wolowa m'malo. Ndipo popeza wa Republican alibe mwayi m'dera limeneli, mpikisano weniweni umathera pa chipulula.

Mukafuna kuona derali pa intaneti, onetsetsani chaka cha mapuwo. Omwe akugwira ntchito pano ndi a 2021, ndipo amachokabe pakati pa mzinda n'kutsika ndi nyanja mpaka kumalire a Indiana. Mu 2011 ndi 2021 chipewa sichinafunike, chifukwa bwanamkubwa ndi nyumba zonse ziwiri zinali za Democratic, ndiye anajambula okha n'kusainira okha.