Rossi kapena Marquez: wolakwa anali ndani ku Sepang?

Achimwene ena a ku Nkhotakota, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto paboma pomwepo, anditumizira imelo. Akuti pasiteji pawo pafika kanema wa pafoni woonetsa Valentino Rossi ndi Marc Marquez akukhulana pa mpikisano waukulu wa njinga zamoto wa dziko lonse wotchedwa MotoGP, Marquez n'kugwa. Anyamata agawanika pawiri. Ena akuti Rossi anamenya mnzake theche, ena akuti Marquez anadzigwetsa yekha ndi makani ake. Funso lawo ndi lakuti: wolakwa ndani, nanga akuluakulu a mpikisano amaweruza bwanji nkhani zotere?

Achimwene, zikomo polemba. Yankho langa ndi lakuti Rossi analakwa, koma chimene analakwira si theche limene mukukanganiranalo. Ndifotokoze.

Kanemayo ndi wa pa 25 October 2015, ku bwalo la Sepang m'dziko la Malaysia. Chaka chimenecho ukatswiri wa dziko lonse ankalimbirana Rossi ndi Jorge Lorenzo, onse a Yamaha, ndipo kunali kutatsala mipikisano iwiri yokha, Rossi ali patsogolo ndi mapointi 11. Marquez wa Honda anali atatuluka kale pa mkangano wa ukatswiriwo. Lachinayi la sabata imeneyo, pamaso pa atolankhani, Rossi ananena poyera kuti Marquez anachita dala kumuchedwetsa pa mpikisano wa ku Phillip Island, ku Australia, pofuna kuthandiza Lorenzo. Mawu amenewo ndiwo anakoleza moto. Lamulungu litafika, Dani Pedrosa anathawa kutsogolo, Lorenzo n'kumutsatira, ndipo Rossi ndi Marquez anatsala akulimbirana malo achitatu. Anapitirirana kambirimbiri, njinga zikupalana, ngati kuti mpikisano watsala mphindi imodzi kuti uthe pamene unali utangoyamba kumene.

Tsopano bwezani kanemayo muione pang'onopang'ono, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi ulendo wa nambala 7 wozungulira bwalo, pakona ya nambala 14, yokhotera kumanja. Rossi walowa mkati, Marquez ali kunja, kumanzere kwake. Pamenepo Rossi akanatha kungokhota n'kumapita, popeza anali atamupitirira kale. Iye sakukhota. Akuchepetsa liwiro, akuimika njinga, akukankhira mnzake kumphepete kwa phula, ndipo akutembenuza mutu kumuyang'ana. Onetsetsani mutuwo. Munthu amene akuthamanga mpikisano maso ake amakhala kumene akupita. Wa Rossi ali pa Marquez. Kenako Marquez akupendeketsa njinga kuti akhote, thupi lake likukhudza bondo la Rossi, phazi lamanzere la Rossi likuchoka popondera, Marquez pansi.

Phazi limenelo ndilo lasokoneza dziko lonse kwa zaka zonsezi. A Honda anati zimene kompyuta ya njinga inalemba zinaonetsa kuti chogwirira buleki ya kutsogolo chinagundidwa. Rossi anati phazi linachoka popondera chifukwa cha kugundanako, Marquez atayamba kale kugwa. Mkulu woyendetsa mpikisano, Mike Webb, ataona makanema onse ananena kuti panalibe umboni wokwanira wakuti linali theche. Komabe anamupeza Rossi wolakwa, chifukwa chotulutsa mnzake dala mumzere wothamangira mpaka kugundana. Rossi mwiniwake anavomera kuti ankafuna kumukankhira kunja kuti amuchedwetse, ngakhale anakana zofuna kumugwetsa. Kwa ine mlandu unathera pomwepo. Ukasankha kum'mana mnzako njira, zimene zikutsatapo ndi zako, kaya unazifuna kaya sunazifune.

Chilango chinali mapointi 3 a chilango. Ataphatikiza ndi imodzi imene anali nayo kale kuchokera ku mpikisano wa ku Misano, ku Italy, Rossi anayenera kuyambira kumbuyo kwa onse pa mpikisano womaliza ku Valencia. Anakadandaula ku khothi la zamasewera ku Lausanne kuti chilangocho chiyambe chaimitsidwa, koma anam'kanira. Ku Valencia anapitirira pafupifupi aliyense mpaka kufika pachinayi, Lorenzo n'kupambana, ukatswiri n'kupita ndi kusiyana kwa mapointi 5 okha, 330 kwa 325.

Anzanu a mbali ya Rossi asakwiye msanga, chifukwa nawonso ali ndi mfundo. Webb yemweyo ananena kuti ankakhulupirira kuti Marquez ankasokoneza dala liwiro la Rossi, koma panalibe lamulo limene anaswa. Ndikugwirizana nazo zonse ziwiri. Marquez anathamanga tsiku limenelo ndi mkwiyo, ndipo munthu amene salinso pa mkangano wa ukatswiri kulimbana chonchi ndi amene akuutsogolera, n'kusowa ulemu. Koma pakupitirira kwake konse ankasiyira Rossi phula loti adutsepo. Oweruza angathe kuyeza mpata umene munthu wasiyira mnzake, sangathe kuyeza mtima. Mukawapatsa mphamvu yolanga munthu chifukwa cha zimene akumuganizira, mawa adzalanga aliyense amene walimbana mwamphamvu ndi katswiri wotchuka, ndipo sipadzakhalanso mpikisano woti tionere.

Pa funso lanu lachiwiri, nkhani ya ku Sepang inasinthitsa kachitidwe. Kuyambira 2016 bungwe la FIM, loyang'anira mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse, linaika gulu lapadera la oweruza, kuti ndilo lizipereka zilango. Freddie Spencer, katswiri wakale wa ku America, analitsogolera kuyambira 2019, ndipo mu 2025 udindowo unapita kwa Simon Crafar wa ku New Zealand. Amaona makanema ochokera mbali zambiri, kuphatikizapo a makamera omangirira panjinga, ndipo pa milandu ikuluikulu amaitana okwera onse awiri kuti afotokoze. Zilango zake zimayambira pa kubweza malo amene walanda, kudzera kanjira kotalikirapo kamene amakatcha long lap, kuwonjezeredwa masekondi, mpaka kuchotsedwa mumpikisano.

Chimene amayamba kufunsa, inu a kabaza mukuchidziwa kale: ndani ankaona mnzake? Wapatsogolo alibe maso kunkhongo, ndipo njinga za mpikisano zilibe magalasi oonera kumbuyo. Choncho wochokera kumbuyo ndiye amasenza udindo wopitirira bwinobwino. Ku Portimao, ku Portugal, mu 2023 Marquez anachedwa kugwira mabuleki, tayala lakutsogolo n'kukanika, n'kukawomba Miguel Oliveira amene ankangokhota mumzere wake. Panalibe chokambirana, anapatsidwa long lap ziwiri ndipo anapepesa. Pabwalo lomwelo mu 2021, m'gulu la njinga zing'onozing'ono la Moto3, Darryn Binder wa ku South Africa, mng'ono wake wa Brad Binder, anawomba Dennis Foggia pa ulendo womaliza, Foggia ali pa mkangano wa ukatswiri ndi Pedro Acosta. Binder anam'chotsa pa zotsatira za mpikisanowo. Ambiri kuno timawakonda anyamata a Binder poti ndi a kwathu konkuno ku Africa, koma chilango chimenecho chinali choyenera.

Pali ngozi zina zopanda mwini, ndipo apa ndi pamene ife oonera timavutika, chifukwa mtima umafuna munthu womuloza chala. Ku Jerez mu 2018 Andrea Dovizioso anapitirira Lorenzo koma liwiro linamutengera kunja. Lorenzo anabwerera mkati kuti alande malo ake, osadziwa kuti Pedrosa waona mpata womwewo ndipo walowamo kale. Onse atatu anagwa. Aliyense anachita zimene wothamanga aliyense akanachita, ndipo palibe analangidwa. Nkhani yowawa koposa ndi ya Marco Simoncelli, pa Sepang pomwepo, pa 23 October 2011. Njinga yake inaterereka, m'malo mopita kunja n'kubwerera pakati pa msewu, Colin Edwards ndi Rossi ali pambuyo pake penipeni. Analibe kothawira. Simoncelli anamwalira ali ndi zaka 24, ndipo palibe munthu wanzeru amene anaimba mlandu awiriwo. Kukula kwa tsoka sikusonyeza kukula kwa kulakwa.

Pamenepa ndi pamene ndili ndi dandaulo langa ndi oweruza. Nthawi zambiri amaoneka kuti akuyeza zotsatira m'malo moyeza zimene munthu wachita. Ku Barcelona mu 2019 Lorenzo anagwa pakona ya nambala 10, pa ulendo wachiwiri wokha, n'kukokolola Dovizioso, Maverick Viñales ndi Rossi. Sanalangidwe. Ena amachita zofanana ndi zimenezo n'kulangidwa. Ku Red Bull Ring, ku Austria, mu 2020, Johann Zarco atapitirira Franco Morbidelli anam'dutsa kutsogolo pa nthawi yogwira mabuleki, pa liwiro loyandikira makilomita 300 pa ola. Anagundana, njinga ziwirizo zinauluka zopanda okwera n'kudutsa pafupi kwambiri ndi Rossi ndi Viñales pakona yotsatira. Zarco analamulidwa kuyambira munjira ya magalaja pa mpikisano wotsatira. Chilangocho sindikutsutsana nacho, koma ndimadzifunsa ngati akanalangidwa Morbidelli akanakwanitsa kumuzemba. Kudutsa kutsogolo kwa mnzako pa liwiro limenelo n'kolakwika ngakhale pasagwe munthu, ndipo okwera akaona kuti chilango chimabwera pokhapokha wina akavulala, amayesa mwayi. Okwerawo adandaula kwa zaka zambiri kuti sadziwa malire ali pati, ndipo pa chimenechi ndili mbali yawo.

Mbiri ya munthu nayonso isalowe m'chiweruzo cha ngozi imodzi. Ku Argentina mu 2018 Marquez anadzipanikiza pamene panalibe mpata, n'kukankhira Rossi pa kapinga wonyowa mpaka kugwa. Anawonjezeredwa masekondi 30, ndipo analakwadi kotheratu. Anthu ambiri amatenga zimenezi n'kunena kuti ndiye kuti ku Sepang wolakwa analinso iye. Ayi, achimwene. Ku Argentina wom'mana mnzake njira anali Marquez, ku Sepang anali Rossi.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, poti kanemayu akuzungulira pasiteji ya kabaza. Anthu amenewa amavala zovala zachikopa zokhala ndi thumba la mpweya lodzikhuta lokha akamagwa, onse amapita mbali imodzi, kumphepete kuli miyala yosalaza yoti munthu atsetserekemo, madokotala ali pomwepo. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo iwo anasankha okha moyo umenewo. Mayi amene mwawanyamula kuchokera kumsika, kapena mwana wasukulu amene akuwoloka M5 pa Chia, sanasankhe mpikisano uliwonse. Mnzanu akakulandani kasitomala kapena kukudulirani kutsogolo, zimene anachita Rossi, zomukankhira kumphepete uku mukumuyang'ana m'maso, pamsewu wa ku Salima kapena wa ku Dwangwa zimathera pansi pa lole ya shuga.

Kwa anyamatawo, auzeni aike chala pasikirini abise phazi la Rossi, aonere njinga ziwirizo zokha kuyambira polowa pakona. Aone amene wasiya mzere wake, amene wachepetsa liwiro pamalo poti awonjezere, ndi amene akuyang'ana mnzake m'malo moyang'ana msewu. Akatero mundilemberenso kuti atsala angati amene akunenabe kuti Marquez anadzigwetsa yekha.