Kodi ndipite ku Bunda kukaphunzira kuphika?

FUNSO: Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 19, kwathu ndi ku Linga, ku Nkhotakota. Dzina langa latuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, andisankha ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Bunda, kukachita Food Science and Technology. Koma amalume, omwe akhala akundilipirira fizi, akuti kuphunzira kuphika zaka 4 n'kutaya ndalama, bola ndiyesere za unamwino. Ndichite bwanji? Ndine Wothedwa Nzeru.

YANKHO: Mwanangu, ndakunyadira. Amalume akowo usawakwiyire. Ine nditasankhidwa kukachita maphunziro omwewa ku Bunda, bambo anga anaseka mpaka kutsokomola, amati mthiko ndikanauphunzirira kwa amayi ulele.

Mthiko sindinaugwire m'kalasi. Chomwe chinandilandira ndi chemistry, masamu ndi sayansi ya tizilombo tosaoneka ndi maso. Ngati chemistry umaithawa ku sekondale, konzekeratu, chifukwa kumeneko ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku.

Popeza ndiwe wa kunyanja ngati ine, tiyambire pa kondowole. Agogo anga ankasenda chinangwa chowawa, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, fungo lake lofika kumsewu, kenako n'kuchiyanika pathandala. Ukawafunsa chifukwa ankangoti "chosaviika chimaledzeretsa". Ku Bunda ndi kumene ndinadziwa dzina la choledzeretsacho: cyanide, poizoni weniweni. Kusenda, kuviika ndi kuyanika n'kumene kumamuchotsa. Mu 1981, chilala chitavuta ku Nampula m'dziko la Mozambique, njala inachititsa anthu kudya chinangwa chosakonzedwa mokwanira, ndipo oposa 1,000 anapuwala miyendo. Agogo ankadziwa chochita. Iwe ukaphunzira kuyeza kuti poizoni watsala wochuluka bwanji mu ufawo usanapite kumsika. Amalume ako akadya kondowole madzulo ano, uwafotokozere zimenezi.

N'chimodzimodzi chuku mu mtedza, uja amalimbana naye alimi akafuna kugulitsa kunja. Kukazinga sikumuthetsa, amalowa ndithu mu chiponde ndi mu nsinjiro za phala la mwana. Ukaphunziranso chifukwa chomwe mkaka amautenthetsera pa madigiri 72 kwa masekondi 15, ndi chomwe chimawoletsa usipa dzuwa likabisala masiku awiri.

Za ntchito sindikunamiza. Namwino njira yake ndi yodziwika, pomwe iwe udzayenda ndi makalata m'manja, mwina kwa nthawi ndithu. Anzanga ena anakathera ku banki, ena akuphunzitsa. Koma malo alipo, ena pafupi ndi kwanu komweko: fakitale ya shuga ku Dwangwa, ina ya shuga ku Salima, ya Malawi Mangoes ku Salima komweko, makampani a mkaka, mafuta ophikira ndi zakumwa, komanso Malawi Bureau of Standards yomwe imayeza ngati katundu akuyenera kugulitsidwa. Konseko pamafunika munthu wa mu labu. Ndipo mango omwe amawolera pansi pa mitengo mu Disembala (zimandiwawa chaka chilichonse ndikamadutsa pa msewu wa M5) akudikira munthu wodziwa kuwaumitsa mwaukhondo.

Ngati mtima wako uli pa unamwino, nena poyera, palibe cholakwika. Koma m'kalata yako sindinaone paliponse pomwe wanena kuti ukuufuna. Waufuna ndi amalume.

Pa fizi, lemba msanga fomu ya ngongole ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, kuti katundu apepukeko pa amalume. Ndipo pokakambirana nawo usapite wekha, tenga amayi ako. Utengenso paketi ya shuga ndi ya mchere, uwaonetse pomwe palembedwa vitamini A ndi ayodini, uwafunse mwaulemu kuti akuganiza kuti amaika ndi kuyeza zimenezo ndani.